Phiko la Kumanja la Ndege ya a Barnaba

Mwezi watha tinamanga chiliza cha amalume anga a Barnaba kwathu ku Lungwena. Tinachedwa nacho, ndipo ndisabise, ena m'banja mwathu ankazengereza dala, poti mantha a zaka zija anali asanatichoke m'mafupa. Pa mwambowo abambo ansembe anati malemuwo anali munthu wofatsa, wokonda kuyenda m'mbali mwa nyanja m'mawa uliwonse. Ine ndinangoluma mlomo. Amalume sanali ofatsa, ndipo kuyenda kuja sikunali kokonda.

Aliyense wa kwathu amene anali ndi maso nthawi imeneyo amawakumbukira chimodzimodzi: bambo wamtali wowerama pang'ono, jekete ya khaki, manja kumbuyo, akutsata m'mphepete mwa madzi kuchokera padoko mpaka kumabango, maso ali pa zinyalala zimene mafunde atulutsa. Akaona kathabwa ankakatembenuza ndi phazi. Akaona kansalu ankagwada. Anthu ankati mdala uja akulirabe ndege yake. Ife a m'nyumba tinkadziwa kuti nkhani siinali imeneyo. Ankafuna kuti ndegeyo ikadzavuuka, oyamba kuipeza akhale iwo, wina asanaitole n'kuthamangira nayo kwa a chipani.

Amayi anga anali mlongo wawo, ndipo amayi atamwalira amalume ndiwo anatsala eni mbumba. Ine ndinali pabanja kale, ndikusoka zovala pakhonde pa nyumba yoyandikana ndi yawo. Choncho chilichonse chogwera a Barnaba chinkagwera ife tonse, ndipo iwo ankaiwala zimenezi kawirikawiri.

Zonse zinayamba ndi bokosi. Amalume ankagwira ntchito pa hotela ina ku Nkopola, yokonza injini za maboti oyendetsa alendo. Mzungu woyang'anira hotelayo anali ndi kandege kake koseweretsa, koyendetsa ndi wailesi munthu uli chilili pansi, ndipo poti amalume ndiwo ankakonza kainjini kake, mwiniwakeyo ankawagwiritsa tindodo toyendetsera mpaka anazolowera. Tsiku lina mzungu uja anauzidwa kuti atuluke m'dziko muno msanga, pa zifukwa zimene palibe ankafunsa mokweza. Polongedza katundu anawasiyira amalume bokosi lalitali la ndege ina yosamanga. Munali timatabwa topepuka ngati mapesi, pepala lalikulu lojambulidwa mizere, kainjini kokwana m'dzanja, ndi kabokosi ka wailesi kokhala ndi eriyo yosolola. Munthu woganiza bwino akanaliponya mu Shire powoloka. Katundu wa munthu wothamangitsidwa ndi boma, wokhalanso ndi eriyo, n'kubwera naye kuno kum'mawa kwa nyanja, kumene boma linkati m'phiri lililonse mwabisala zigawenga! Koma amalume analimanga pakeliyala ya njinga n'kufika nalo pakhomo akuimba likhweru.

Atapuma pantchito anayamba kumanga. Choyamba anazula chitseko cha khitchini, ati m'mudzi monse munalibe thabwa lina lowongoka ngati limenelo. Akazi awo, amayi Dorika, anakalipa mpaka mawu anasasa, mbuzi zikulowa n'kumanyambita miphika, koma chitseko chinapita m'kashedi kuseri kwa nyumba ndipo sichinabwerere. Anayala pepala lija pachitsekopo n'kumakhomerapo timatabwa ndi mapini anga osokera. Mapini ankatenga osapempha. Ndikafunsa ankati mwana wa mlongo wawo alibe chinthu chimene si chawo, kenako n'kunditumanso kuti ndikagule lezala.

Ntchitoyo inadya mvula zingapo. Ankadula nthiti za mapiko imodziimodzi, kumata ndi guluu, kudikira kuti ziume, kenako kutseka diso limodzi n'kuyang'ana phiko lonse kuchokera kunsonga monga amachitira mmisiri wa bwato. Nthiti imodzi ikapendekeka pang'ono chabe ankaithyola n'kuyambiranso. Ankakonda kunena kuti ndege simagwera m'mwamba, imagwera patebulo pomwe ikumangidwa, m'mwambamo imangokaulula zimene mmisiri anabisa. Timatabwa tina titadyedwa ndi mphemvu anasema tatsopano ta chiwale. Pothawa chiswe anapachika ndegeyo kudenga ndi mawaya awiri opaka girisi. Tsiku la Mulungu lokha ndilo sankaigwira, koma akatuluka m'tchalitchi ankapita kukaima pakhomo pa kashediko n'kumangoiyang'ana, buku la nyimbo lili m'khwapa.

Mafuta ake ankasakaniza okha: palafini, mafuta a nsatsi amene ankatiphikitsa ife amayi, ndi mankhwala ogonetsa odwala pa opaleshoni amene mnzawo wina wa kuchipatala ankawagawirako m'kabotolo. Fungo lake linkakhala m'zovala sabata yonse. Akapukusa pulopela ndi chala kainjini kaja kankalira ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini, koma mokweza moti agalu ankathawira kudimba.

Phokoso limenelo ndilo linawadanitsa ndi Che Yusufu, msodzi Msilamu amene mpanda wake unali wogundana ndi wathu. Awiriwo anakulira limodzi, ndipo kukangana kwawo kunali kwa tsiku ndi tsiku, za mbuzi, za malire, za amene anayamba kumera imvi. Koma masana ena Che Yusufu anasuzumira pampanda nkhope ili gwaa.

"Che Barnaba, udzudzu wanuwo sungapumeko nthawi ya swala?"

"Pempherani mokweza," anatero amalume, osacheuka n'komwe. "Kapena kumwamba kwanuko samva?"

"Kumwamba amamva bwinobwino. Chimene ndikuopa ine n'chakuti pansi panonso alipo akumva."

Amalume anaonjezera moto wa injini. Kuyambira tsiku limenelo awiriwo anasiya kupatsana moni, ndipo ana tinkachita kuwaletsa kudutsa pampandapo. Ine ndinkaona kuti Che Yusufu akunena zoona, ndipo ndinawauza amalume maso ndi maso. Anandiyankha kuti telala azisamala za mabatani.

Ndisananene za tsiku lenilenilo, ndinene za mmene anabwerera, chifukwa chithunzi chimenecho ndicho chimandibwerera kwambiri. Anatengedwa ndi apolisi m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Anabwera titakolola kale. Anatsika lole pamsewu n'kuyenda wapansi, thalauza atamangira chingwe, ndipo anatidutsa ife pachitsime osatizindikira msanga. Khutu la kumanzere linali litafa. Dzanja lamanja, lomwe lija linkadula nthiti za ndege ndi lezala osaphonya, linkanjenjemera moti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Za kumene anali sananenepo kanthu, kwa ife kapena kwa akazi awo. Funso lawo loyamba atakhala pansi linali lakuti, "Yapezeka?" Titati ayi, anagwedeza mutu, ndipo m'mawa mwake anayamba ulendo uja wa m'mbali mwa nyanja umene sanausiye mpaka miyendo itakana.

Ndege ija itatha kumangidwa inali yokongola, ndivomereze. Inali yoyera, mapiko ake aatali ngati munthu atatambasula manja. Anaiulutsa kangapo kudambo louma dzuwa likungotuluka, ndipo inkauluka mowongoka n'kutera mofewa pa timatayala take. Masiku amenewo ndinawaona amalume akuseka ngati mwana. Koma chinthu cholira chotero sichibisika. Pasanathe sabata a tcheyamani a nthambi ya chipani anafika pakhomo ndi anyamata awo.

A tcheyamani sanali munthu wankhanza. Anali bambo wa mantha, wofuna kuti akuluakulu a kuboma amudziwe dzina. Anatenga kabokosi ka wailesi, kusolola eriyo, n'kufunsa kuti kodi ameneyu amalankhula ndi ndani kuseri kwa mapiriko. Amalume anawagwiritsa kandodo kamodzi n'kuwauza kuti akankhe. Mchira wa ndege unagwedezeka. A tcheyamani anadzidzimuka, anakankhanso, ndipo ndinaona kuti aikonda. Kenako anati njira yopulumutsira chinthuchi ilipo imodzi. Ndegeyo ikhale ya chipani. Kunsi kwa phiko kumatidwe nkhope ya mtsogoleri wa dziko, kuti ikamadutsa anthu aziiona, ndipo iuluke tsiku limene alendo a kuboma adzabwere kudzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu.

M'mawa mwake anabwera ndi chitenje chatsopano, cha mtundu umene amayi tonse tinkavala povina pamisonkhano, chokhala ndi nkhope ija m'kati mwa mkombero. Anaitana ine ndi sizasi yanga. Sindinadulepo nsalu ndi mantha ngati tsiku limenelo. Ndinadutsa kutali ndi makutu, kutali ndi chibwano, a tcheyamani akupumira pakhosi panga.

Amalume anainyamula nsaluyo m'dzanja n'kuiyeza kulemera. Pamimba pa ndege sakanaimata, chifukwa utsi wa injini unkalavulira pamenepo mafuta akuda. Ndiye anati, "Tiduleponso ina, a tcheyamani. Imodzi phiko ili, ina phiko linalo, kuti mapiko alingane."

A tcheyamani anawayang'anitsitsa amalume.

"Nkhope ziwiri?" anafunsa a tcheyamani motsitsa mawu. "A Barnaba, dziko lino lili ndi atsogoleri angati?"

Amalume anaika nsaluyo pansi. Anati ndi mmodzi. A tcheyamani anati basi, nkhope ikhalanso imodzi, ndipo ikhale kudzanja lamanja.

Anaimata ndi vanishi kunsi kwa phiko la kumanja, ndipo kunsonga kwa phiko linalo anaikako kamtovu ka pa ukonde kuti kulemera kufanane. Kulemerako kunafananadi. Koma nsalu ya chitenje ndi yokhuthala, ndipo vanishi atauma inakokana n'kupotokola phiko lonse. Kupotokako kunali kochepa, ine sindikanakuona. Amalume anatseka diso limodzi, kuyang'ana kuchokera kunsonga, ndipo anakhala pansi pachopondera. Anapita kwa a tcheyamani kukapempha kuti tsiku lisunthidwe amange phiko lina. Anawayankha kuti alendo auzidwa kale, amayi apeka kale nyimbo ya ndege, ndipo munthu wokana kuulutsa nkhope imeneyo afotokoze yekha chifukwa chake. Kuichotsa nsaluyo kunali kosatheka popanda kuing'amba.

Tsikulo linali lotentha kuyambira m'mawa, mphepo ya vuma ikutsika m'mapiri kulowera kunyanja. Anyamata anali atasesa bwalo lonse. Alendo anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, ife amayi tili pamzere ndi zitenje zathu, ine kumapeto kwenikweni pafupi ndi pamene amalume anaima. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi. Injini italira, ndege inathamanga pafumbi, inanyamuka, ndipo pompo inapendekera kumanja. Ndinamva amalume akukoka mpweya. Anaikankhira kumanzere ndi chala chachikulu, inawongoka, n'kukwera.

Itadutsa pamwamba pathu nkhope ija inaoneka bwinobwino. Nthungululu zinamveka mpaka kudoko. Alendo anaimirira, a tcheyamani akuwomba m'manja pamwamba pa mutu, misozi ili m'maso. Kwa kanthawi inenso ndinaiwala mantha n'kuimba nawo.

Vuto linadza potera. Ikamathamanga, amalume ankatha kuigwira. Koma kuti ndege itere iyenera kuchepetsa liwiro, ndipo akangotsitsa moto phiko la kumanja linkagwa, nsonga yake n'kuloza pansi, nkhope ija ikulunjika fumbi. Anaonjezera moto n'kuikwezanso. Anazungulira, anayesanso, zomwezo. Anthu ankaganiza kuti ndi masewera ndipo ankakuwa mokondwa nthawi iliyonse ikatsika n'kukweranso. Ine ndinkaona thukuta likudontha pachibwano pawo.

"Agnesi," anandiitana osachotsa maso kumwamba. "Mafuta atsala pang'ono. Iyi sitera. Ikatera ikhulitsa nkhopeyo pansi, pamaso pa anthu onsewa."

"Ndiye mutani, amalume?"

Anaikweza pamwamba kwambiri, anaitembenuza mchira kuloza kumapiri, n'kuipereka kwa mphepo. Inadutsa pamwamba pa tchalitchi, pamwamba pa mathandala oyanikapo usipa, n'kulowa panyanja. Kulira kwake kunayamba kuchepa. Anthu anasiya kuimba mmodzimmodzi. Inasanduka kadontho, kenako sitinaionenso, koma amalume anagwirabe tindodo tija nthawi yaitali, chala chikukankhirabe kumanzere. Pamapeto pake anabweza eriyo pang'onopang'ono. Ntchito ya mvula zingapo inathera pamenepo, ndipo anaitaya ndi manja awo.

Mmodzi wa alendo aja anafunsa akumwetulirabe kuti ibwera nthawi yanji.

"Sibweranso, bwana," anatero amalume.

Apolisi anawakweza amalume m'galimoto chakudya cha alendo chisanaphulidwe. Kabokosi ka wailesi kanapita nawo ndipo sikanabwerere. Patapita masiku apolisi anayenda madoko onse kufunsa asodzi ngati aona kanthu. Tinamva kuti mafunso anali awiri: ndegeyo anaitumiza kwa yani, ndipo nkhope ija ili kuti. Aliyense ankadziwa kuti ikapezeka itang'ambika kapena itadetsedwa ndi matope, a Barnaba sitidzawaonanso. Sinapezeke, ndipo pamapeto pake anawamasula. A tcheyamani nawo anachotsedwa paudindo, ndipo ankati akationa panjira n'kukhotera kwina.

Ndinawakwiyira amalume zaka zambiri. Mwamuna wanga anakanizidwa ntchito chifukwa cha dzina lawo, anzathu anasiya kubweretsa nsalu zoti ndisoke, amayi Dorika anakalamba chaka chimodzi chokha. Zonsezi chifukwa cha choseweretsa. Koma ndikawaona m'mawa akutembenuza zinyalala ndi phazi, mkwiyo unkasanduka chisoni, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti chachikulu n'chiti. Anamwalira kutatsala pang'ono kuti zinthu zisinthe m'dziko muno. Akudwala, funso lawo linali lomwe lija.

Mwambo wa chiliza utatha, anthu akubalalika, Che Yusufu anabwera pakhonde panga akuyenda ndi ndodo, maso atayera ndi ukalamba. Ananyamula chitini chakale cha mkaka wa ufa. Anachiika pamakina anga osokera n'kundiuza kuti nditsegule. Munali mafuta a injini ya boti, ndipo m'mafutamo munamira kainjini kaja, pulopela wake atathyoka mbali imodzi.

"Inakodwa m'matchera anga m'mawa mwake," anatero. "Inkayandama chagada, nkhope ija itang'ambika pakati. Ndinali ndekha m'bwato. Nsaluyo ndinaikulunga pamwala n'kuimiza pakuya. Timitengo take ndinawotchera chambo tsiku lomwelo."

"Apolisi atakufunsani?"

"Ndinalumbira kuti sindinaone kanthu. Wallahi, bodza limenelo ndidzaliyankha ndekha."

Ndinamva mutu ukutentha. Ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi munthu wamkulu. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sanawauze amalume, munthu wa mpanda umodzi, n'kumawaonerera m'mawa uliwonse akufuna chinthu chimene chinapsa kalekale.

Che Yusufu anasisita mutu wa ndodo yawo.

"Mwanangu, amene anamutenga akanatha kubweranso tsiku lililonse. Munthu akamenyedwa amanena zimene akudziwa. Ndinati asadziwe, apulumuke iye, ndipulumuke ine. Ndinkati zinthu zikadzasintha ndidzamuuza, tidzaseke." Kenako anapitiriza. "Ankadutsa padoko panga m'mawa uliwonse, ine ndikusoka ukonde. Moni sitinkapatsana. Chitini ichi chinali pansi pa mphasa imene ndinkakhalapo."

Ndinawaperekeza mpaka pampanda, ndipo sindikudziwa ngati ndinathokoza.

Kashedi kaja kadakalipo kuseri kwa nyumba, ngakhale udzu wa denga wayamba kuthothoka. Chitseko cha khitchini chidakagona pamiyendo yake, chodzaza ndi timabowo ta mapini anga, ndipo pena pakuonekabe mzere wa guluu pamene panagona phiko. Kudenga kukulendewera mawaya awiri, girisi wake atauma n'kugwira fumbi. Chitini cha Che Yusufu ndachiika pachitsekopo, pansi penipeni pa mawayawo. M'mawa ndikamapita kukatunga madzi ndimaona zinyalala zili ndandanda m'mphepete mwa nyanja kuchokera padoko mpaka kumabango, mabango othyoka, timatabwa, tinsanza, ndipo palibe amene amazitembenuza.